Dziwe la m'dimba ku Britain chisanu chikamatha: mafunso ndi mayankho

Nyumba zambiri za kuno ku Britain zili ndi kadimba kuseri, ndipo sizachilendo kulowa m'nyumba n'kupeza kuti amene ankakhalamo anasiya dziwe lokhala ndi nsomba zofiira zimene kuno amati goldfish. Ena a ife timakumana nalo kuntchito, kwa agogo amene tikuwasamalira, dziwe loti latha zaka popanda woligwira. Kuyambira mu Malichi mpaka Meyi, nyengo imene eni dziko amaitcha spring, dziwe limadzuka: nsomba zimayamba kuonekera pamwamba, achule amabwera kudzaswana, madzi amasintha mtundu. Nsomba zambiri zimafa miyezi yomweyi, ndipo kawirikawiri wozipha amakhala mwini wake amene anafulumira kutsuka ndi kudyetsa.

Kodi ntchito ya padziwe ndiiyambe liti?

Gulani themomita ya m'madzi, yotchipa yomwe ija, muimangirire chingwe kuti imire pang'ono, ndipo muziiwerenga m'mawa dzuwa lisanakwere. Dzuwa la mu Malichi limanamiza. Masana mumavula jekete, usiku udzu n'kuchita mbuu ndi chisanu, pamene madzi a m'dziwe adakali zii. Nambala yoti muisunge m'mutu ndi madigiri 10. Madzi akamafika pamenepo tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu, nsomba zimatha kugaya chakudya, mabakiteriya oyeretsa madzi amayamba ntchito, zomera zimaphuka. Ku Cornwall, Devon ndi Kent zimenezi zimayambirira. Amene muli ku Leeds, Glasgow kapena Aberdeen mudikirako masabata ena. Madzi asanafike pamenepo, ntchito yanu ndi kuwola masamba oyandama ndi kuyang'ana basi.

Dziwe likuoneka lonyansa. Ndikhuthule madzi onse n'kulitsuka?

Ayi, pokhapokha ngati labooka kapena matope adzaza mpaka nsomba zikusowa posambira. Nsomba zatha miyezi inayi kapena isanu osadya, matupi awo ndi ofooka, ndipo kuzithamangitsa ndi ukonde n'kuziika m'ndowa kumazitsegulira khomo la matenda. M'matope ndi m'zomera zija muli mazira a achule, ana a tombolombo, nkhono ndi tizilombo tina timene timadya zinyalala. Nazo ndere zoterera za m'makoma, zimene munthu waukhondo amafuna kuzikwecha ndi bulashi, ndiye nyumba ya mabakiteriya amene amasunga madzi kuti asakhale poizoni.

Bungwe la zamadimba la kuno, la Royal Horticultural Society, limalangiza kuti dziwe laling'ono lizitsukidwa lonse kamodzi pa zaka zisanu, lalikulu kamodzi pa zaka khumi, ndipo nthawi yake ndi kumapeto kwa nyengo yoyoyoka masamba, cha mu Okutobala ndi Novembala, pamene zamoyo za m'madzi zayamba kugona.

Za panopa n'zochepa. Dulani mapesi ouma a chaka chatha amene agwera m'madzi. Ndi ukonde wa mpini wautali, kokani masamba owola a pansi mwapang'onopang'ono, chigawo chimodzi lero, china sabata ya mawa. Musavundule matope onse tsiku limodzi. Mukamva fungo la mazira owola, umenewo ndi mpweya woipa umene unatsekeredwa pansi, ndipo ukatuluka wambiri nthawi imodzi nsomba zimabanika. Zimene mwavuula muzisiye m'mphepete mwa dziwe usiku umodzi kapena uwiri kuti tizilombo tibwerere m'madzi, kenako mukataye pa mulu wa kompositi.

Nsomba zikubwera pamwamba ngati zikupempha. Ndizipatse chakudya?

Zimapempha ndithu, makamaka koi, nsomba zazikulu za mitundu yowala, zimene zimazolowera mapazi a munthu. Koma thupi la nsomba limayendera kutentha kwa madzi. Madzi akazizira, matumbo ake amagwira ntchito mochedwa kwambiri, ndipo chakudya chimene yameza masana ofunda chimatha kukhala m'mimba osagayika usiku ukazizira. Chotsala chimawolera pansi n'kuipitsa madzi pa nthawi imene fyuluta, bokosi losefa madzi mmene mumakhala mabakiteriya, sinadzuke.

Madzi akakhala pansi pa madigiri 5, musapereke kalikonse. Pakati pa 5 ndi 10, ngati nsomba zikusambira mwamphamvu, perekani pang'ono chakudya chimene pa paketi amalemba kuti wheatgerm, kamodzi pa masiku awiri kapena atatu, masana. Wodwala akadzuka pamphasa timayamba kumupatsa phala, nsima imabwera pambuyo. Chakudya cha mapuloteni ambiri chidikire kuti madzi akhazikike pamwamba pa madigiri 10, ndipo muzionjezera pang'onopang'ono. Muyeso wake ndi zimene zingathe m'mphindi ziwiri kapena zitatu, zotsala muziwole. Paketi ya chaka chatha imene inakhala yotsegula m'kashedi konyowa itayeni. Buledi ndi nsima yotsala musaponyemo.

Pampu ndi fyuluta zinali zozimitsa chisanu chonse. Ndingoyatsa?

Yambani mwazimitsa magetsi ku soketi, osati pa switchi yokha. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, ndipo chilichonse cholowa m'madzi chiyenera kudutsira pa kachipangizo kotchedwa RCD, kamene kamadula moto chingwe chikang'ambika. Ngati m'nyumba mwanu mulibe, gulani kolowetsa pa soketi kapena itanani wamagetsi. Yendani ndi chingwe chonse ndi dzanja, poti makoswe ndi ankhandwe amatafuna.

Vuulani pampu, tsegulani chikhokho chake, chotsani masamba ndi nkhono, ndipo tulutsani kachitsulo kozungulira ka m'kati mukatsuke. Madzi amene anagona m'bokosi la fyuluta miyezi yonseyo ndi owola. Atayireni pa maluwa, asabwerere m'dziwe.

Masiponji a m'fyuluta atsukeni m'ndowa ya madzi a m'dziwe momwemo. Madzi a pampopi ali ndi klorini, ndipo klorini imapha mabakiteriya amene mukuwafuna. Finyani kawiri katatu, matope okhaokha achoke. Siponji yoyera mbee ndi siponji yakufa. Fyuluta imene inazimitsidwa imatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti ibwerere mwakale, ndipo masabata amenewa ndi amene muyenera kuumira pa chakudya. Mukayatsa, musamazimitsenso usiku pofuna kupulumutsa magetsi. Mabakiteriya amafuna madzi oyenda usana ndi usiku.

Pampu yanga ndi yokwanira? Ndidziwa bwanji kuchuluka kwa madzi?

Yezani m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake m'mamita, chulukitsani zitatuzo, kenako chulukitsani ndi 1,000. Dziwe la mamita 2 ndi 1.5, lakuya mamita 0.6, limasunga malita 1,800, ndipo ngati lili ndi masitepe oikapo zomera chotsaniko pang'ono. Pa dziwe la nsomba, pampu izitha kuzunguza madzi onsewo kamodzi pa ola limodzi kapena awiri. Nambala imeneyi ilembeni penapake, chifukwa mankhwala onse a padziwe amayezedwa potengera malita.

Madzi achita biriwiri, nsomba sizikuoneka. Chalakwika n'chiyani?

Nthawi zambiri palibe chalakwika. Masiku akamatalika, tindere tating'onoting'ono toyandama timadzuka msanga kuposa zomera zina. Timapeza madzi odzaza ndi chakudya chochokera ku masamba owola ndi ndowe za nsomba, dzuwa likulowa mpaka pansi poti kakombo sanatambasule masamba. Nsomba sizidandaula nazo, ndi maso athu amene amadandaula. Zomera zikakula n'kuyamba kulimbirana chakudyacho, madzi amayera okha pakapita masabata angapo.

Choipa kwambiri chimene mungachite ndi kukhuthula madzi obiriwirawo n'kuthiramo a pampopi. Dziwe limayera masiku atatu kenako n'kubiriwira kuposa poyamba, chifukwa m'madera ambiri a ulimi madzi a pampopi amabwera ndi nitrate, amene ndi feteleza wa ndere.

Ngati fyuluta yanu ili ndi babu la UV, limene kuwala kwake kumachotsa tindere toyandamato, lisintheni tsopano. Babu limeneli limafooka pakatha chaka ngakhale likuyakabe. Pukutaninso kagalasi kamene kamalikuta, mosamala poti kamasweka msanga, ndipo musaliyang'ane likuyaka lili poyera, limawononga maso. Mankhwala okhalitsa ndi mthunzi: masamba a zomera akute pafupifupi theka la pamwamba pa madzi ikamafika Juni. Samalaninso feteleza wa kapinga, mvula imamukokolera m'dziwe.

Nanga ndere zazitali ngati tsitsi zija?

Zimenezo ndi zimene m'masitolo amati blanket weed, ndipo babu la UV silizikhudza poti sizidutsa mu pampu. Lowetsani ndodo, pindani, kokani. Yang'anani m'kati musanataye, mbululu zimakodwamo. Ena amayandamitsa kathumba ka ukonde kodzaza ndi mapesi a barele, magalamu 50 pa sikweya mita iliyonse ya pamwamba pa madzi. Amayamba kugwira ntchito pakatha mwina masabata asanu ndi limodzi, ndipo amachotsedwa akada. Kwa ena zimathandiza, kwa ena kusintha kwake kumakhala kochepa. Ndodo ndiyo sinamiza. Mankhwala opha ndere zonse nthawi imodzi ndimawakayikira, chifukwa ndere zakufazo zikamawola zimamaliza okosijeni m'madzi.

Ndingathiremo madzi a pampopi?

Mungathe, koma pang'ono ndiponso ndi mankhwala ochotsa klorini. Makampani ena a madzi amagwiritsa ntchito chloramine, m'bale wake wa klorini, imene siuluka ngakhale madzi mutawagoneka m'ndowa usiku wonse, choncho werengani pa botolo kuti mankhwalawo amachotsa zonse ziwiri. Kusintha gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a madzi n'kokwanira. Thirani mochedwa, payipi ikungodontha, kuti kuzizira kusadzidzimutse nsomba, ndipo ikani alamu pa foni. Maiwe ambiri aphedwa ndi payipi yoiwalika.

Dziwe lopanda nsomba, la achule ndi tombolombo, limakondwa ndi madzi a mvula a mumgolo wa pansi pa denga.

Kodi kuyeza madzi n'kofunikadi, kapena ndi malonda chabe?

Pa dziwe la nsomba n'kofunika, makamaka miyezi iwiri yoyambayi. Madzi oyera mbee amatha kukhala akupha. Nsomba zimatulutsa ammonia. Mabakiteriya amtundu wina amaisandutsa nitrite, amtundu winanso n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, amene zomera zimadya. Ziwiri zoyambazo ndi poizoni ndipo ziyenera kukhala pa ziro. Zikakwera, siyani kudyetsa masiku angapo ndipo sinthani madzi pang'ono. Mwa zoyezera madzi, tibotolo todonthezera timaonetsa zoona kuposa timapepala tonyika.

pH, muyeso wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7 ndi 8.5, ndipo isamadumphedumphe. Apa zimadalira kumene mukukhala. Madzi a ku London, Kent ndi East Anglia amadutsa m'miyala ya choko, ndi olimba, amene amasiya zoyera m'ketulo, ndipo pH yake imakhazikika. Madzi a ku Manchester amachokera ku Lake District, ku Thirlmere ndi Haweswater, a ku Birmingham amachokera ku Elan Valley ku Wales, ndipo amenewa ndi ofewa, monganso a m'madera ambiri a Scotland. Mvula ya chisanu chonse ikawonjezera pa madzi ofewa kale, pH imatha kugwa mwadzidzidzi. Amene muli m'madera amenewa yezaninso KH, muyeso wa mchere umene umagwira pH kuti isagwe, ndipo ikatsika gulani ufa wokwezera ku sitolo ya nsomba.

M'dziwe mwadzaza mazira a achule. Ndichotseko?

Asiyeni. Ku Cornwall achule amaikira kuyambira mu Januwale, kumpoto mpaka mu Epulo. Mulu umodzi wonga jele uja umatha kukhala ndi mazira 1,000 kapena 2,000, koma ofika pokhala achule akuluakulu ndi owerengeka. Nsomba, mbalame ndi tizilombo zimadya ambiri. Otsalawo adzakudyerani nkhono zopanda chigoba zimene zimamaliza ndiwo zamasamba m'dimba. Mukaona mazira ali m'zingwe zazitali zokulungidwa pa zomera, amenewo ndi a achule a khungu la nthudzanthudza, amene kuno amati toad.

Musanyamule mazira kukapatsa mnansi kapena kukataya ku dziwe la ku paki. Umo ndi mmene matenda a achule otchedwa ranavirus ndi zomera zowononga zimafalikira. Ngati pampu ikumeza mbululu, ikuteni ndi kaukonde ka maso ang'onoang'ono. Mu Juni ndi Julayi tiachule timatuluka m'madzi, choncho yang'anani kapinga musanatchetche. Ikaninso thabwa kapena miyala pa mbali imodzi kuti kanungu akagweramo apeze potulukira.

Ndaona kanthu konga buluzi kakusambira. N'koopsa?

Ndi newt, m'bale wake wa chule, ndipo saluma. Amaikira dzira limodzilimodzi n'kulikulunga ndi tsamba la m'madzi, moti mukaona timasamba topindika musatizule. Pali mtundu umodzi wofunika kuudziwa: great crested newt, wakuda, wa khungu lokhakhala, mimba ya olenji ya mawanga akuda, wotalika mpaka masentimita 17. Ameneyu amatetezedwa ndi lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 pamodzi ndi malamulo ena, ndipo kumugwira, kumusokoneza kapena kuwononga dziwe limene amaswaniramo ndi mlandu. Mukamuona, imitsani ntchito yokumba kapena kukhuthula ndipo funsani bungwe la boma loona zachilengedwe: a Natural England, a NatureScot ngati muli ku Scotland, kapena a Natural Resources Wales.

Ndapeza achule akufa akuyandama madzi oundana atasungunuka. Alipo wathira mankhwala?

Sizikutero kawirikawiri. Achule ena, makamaka aamuna, amagona pansi pa dziwe chisanu chonse, ndipo madzi akaundana pamwamba kwa masiku ambiri amabanika. Avuuleni, akwirireni.

Nsomba ina ili ndi zilonda, ina ili ndi zoyera pathupi. Nditani?

Miyezi imeneyi tizilombo toyambitsa matenda timadzuka msanga kuposa chitetezo cha m'thupi mwa nsomba, n'chifukwa chake zilonda zimachuluka mu Epulo. Musanagule mankhwala alionse yezani madzi, poti matenda ambiri gwero lake ndi pamenepo.

Kenako yang'anitsitsani. Zoyera zonga thonje ndi nkhungu, ndipo zimamera pamene panali bala. Timadontho toyera tambirimbiri pa zipsepse, nsomba n'kumadzikhula pa miyala, ndi white spot, imene mankhwala ake amapezeka. Zotupa zosalala zooneka ngati sera pa koi nthawi zambiri ndi carp pox, ndipo zimazimiririka madzi akafunda. Chilonda chofiira chakuya chikufuna dokotala wa ziweto wodziwa nsomba. Mankhwala ambiri sagwira bwino m'madzi ozizira, ndipo ena amafuna kuti babu la UV lizimitsidwe. Werengani botolo lonse.

Nsomba zikamafa zambiri motsatizana, nkhani yasintha. Matenda a spring viraemia of carp ndi koi herpesvirus lamulo limafuna kuti anenedwe. Ku England ndi Wales amanenedwa kwa a Fish Health Inspectorate, amene ali pansi pa Cefas, nthambi ya boma yoona za nsomba, ku Weymouth. Musapatse munthu nsomba, zomera kapena ukonde wa padziwe limenelo.

Koma mukaona nsomba zikuthamangitsana m'mamawa mu Meyi kapena Juni, madzi n'kuchita thovu, kumeneko n'kuswana.

Nsomba zikuchepa koma mitembo sindikuiona. Akuba ndani?

Chimeza. Mbalame imeneyi imayamba kumanga zisa mu Febuluwale, ndipo mu Malichi ndi Epulo imakhala ndi anapiye oti idyetse, pa nthawi imene nsomba zanu n'zaulesi ndipo zilibe masamba obisalamo. Imabwera m'bandakucha inu muli m'tulo. Ndi yotetezedwa ndi lamulo, legeni musaiganizire n'komwe. Ukonde wokungika bwino pamwamba pa madzi ndiwo umathandiza kwambiri. Ena amamanga nsinga ziwiri kuzungulira dziwe, poti chimeza chimakonda kutera pa kapinga n'kuyenda kulowa m'madzi. Ikani chidutswa cha payipi yaikulu pansi kuti nsomba zizibisalamo. Chimeza chapulasitiki chogulitsidwa m'masitolo chija n'chokongoletsera dimba basi. Chikabwera chenicheni, nsomba zotsala zimabisala ngakhale sabata yonse, ndiye musafulumire kunena kuti zatha.

Zomera ndizibzale liti, ndipo ziti?

Kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, madzi atafunda. Kakombo amene wakhala zaka zambiri m'basiketi imodzi, masamba ake n'kumaunjikana pamwamba koma maluwa ochepa, akufuna kugawidwa. Mutulutseni, dulani tsinde ndi mpeni wakuthwa kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mphukira, mubzale mu dothi lapadera la zomera za m'madzi, pamwamba muike timiyala kuti nsomba zisafukule. Kompositi wa maluwa wamba ali ndi feteleza wochuluka ndipo amayandama. Basiketi muyambe mwaikhazika pa njerwa, muziitsitsa masamba akamatalika. Mwa zomera za kuno, hornwort imakhala pansi pa madzi n'kumalimbana ndi ndere, marsh marigold imachita maluwa achikasu m'mphepete mu Malichi ndi Epulo, ndipo water forget-me-not ndi imene ma newt amakonda kuikiramo.

Chenjerani ndi zopatsidwa ndi anansi. Kuyambira mu Epulo 2014, ku England n'koletsedwa kugulitsa floating pennywort, parrot's feather, water fern, water primrose ndi New Zealand pigmyweed, chifukwa zikathawira m'mitsinje zimatseka madzi. Namasupuni naye, amene kale ankagulitsidwa kuno ngati duwa lokongola la padziwe, analetsedwa mu 2016. Amene anaonapo mmene amadzazira mtsinje wa Shire pa Liwonde, mpaka kusokoneza magetsi a ku Nkula, safunika kuwafotokozera chifukwa chake. Zomera za padziwe zotsala ziumitseni n'kuziika pa kompositi kapena mu bini ya zinyalala za m'dimba, osati mu ngalande.

Dziwe pafupi ndi nyumba silibweretsa udzudzu ndi likodzo?

Udzudzu ulipo ndipo umaluma, koma malungo safalikira kuno, ndipo likodzo kulibe m'maiwe a ku Britain. Dziwe la nsomba kapena la madzi oyenda siliswetsa udzudzu wambiri, mphutsi zake zimadyedwa; umaswana mu ndowa zoiwalika ndi mumgolo wosavundikira. Choti musamale nacho ndi matenda a Weil, ochokera ku mkodzo wa makoswe, amene amalowera pa bala. Valani magolovesi aatali, sambani m'manja mukamaliza, ndipo mukamva kutentha thupi ndi kuphwanya patapita masiku, muwauze adokotala kuti munagwira madzi a m'dziwe.

Bwanji ndiikemo chambo m'malo mwa nsomba zosadyedwazi?

Funso limeneli silisowa. Chambo ndi abale ake amafuna madzi a madigiri opitirira 20 kuti akule, ndipo madzi akatsikira cha ku 10 amafa. Dziwe la panja kuno limatha theka la chaka lili pansi pa pamenepo. Komanso kuweta nsomba zachilendo panja kuli ndi malamulo ake. Nazo nsomba zofiirazo zikakuchulukirani musakazitaye mu mtsinje kapena mu ngalande, ndi mlandu. Funsani ku sitolo ya nsomba ngati angalandire.

Madzi akutsika tsiku ndi tsiku. Pulasitiki yoyala pansi pa dziwe yabooka?

Zimitsani pampu usiku umodzi, muike chizindikiro pamene madzi alekezera. Akapanda kutsika, vuto lili pa mapayipi kapena pa kamathithi, pamene chisanu chimasuntha miyala madzi n'kumatayikira kumbali. Akatsikabe, asiyeni mpaka aime okha, bola nsomba zikhale ndi posambira, kenako papasani pulasitiki kuzungulira pa mzere umenewo. Bowo limakhala pamenepo. Pukutani, paume, matani chigamba cha mtundu wofanana ndi pulasitiki yanu. Onaninso ngati kapinga kapena mizu sizikulendewera m'madzi, poti zimamwa madzi ambiri kuposa mmene munthu angaganizire.

Tili ndi ana aang'ono ndipo nyumba ndi ya lendi. Tichite bwanji?

Mwana wongoyamba kuyenda amatha kumira m'madzi a masentimita ochepa, ndipo samakuwa. Kunja kukayamba kufunda zitseko zimakhala zotsegula, alendo amabwera ndi ana awo, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake ndi amene akuyang'anira. Ukonde wa chimeza suteteza mwana, umangomira naye. Chofunika ndi chitsulo cholukidwa cholimba, choti chingathe kunyamula mwana, chomangidwa pamwamba pa madzi, kapena mpanda wa geti yokhoma. Ambiri amasankha kukwirira dziwe mpaka ana akule.

Musakwirire kapena kukhuthula musanalembere landilodi kapena ejenti wake. Muwauze kuti m'nyumba muli ana a zaka zakuti, mupemphe kuti aike chotchinga kapena akulolezeni kutero, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Onaninso mu pangano la lendi kuti nsomba ndi pampu zili m'manja mwa ndani. Akavomera kuti likwiriridwe, tsekani ndi mpanda pakadali pano ndipo ntchitoyo ichitike mu Seputembala kapena Okutobala, mbululu zitatuluka ndiponso nsomba zitapeza kopita.